Mkonono Umene Unandilowetsa M'chitokosi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndinali mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditumiza kusukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima, masiku a chipani chimodzi aja. Matenda anga anali tulo. Ndinkaliza mkonono woopsa, n'kudzuka wotopa, mutu ukuwawa. M'kalasi ndinkasinza choko chili kumanja. Kenaka mapazi anayamba kutupa, ndipo kungoyenda pamchenga ndinkapuma mwawefuwefu. Mkazi wanga akandifunsa, ndinkangomuyang'ana. Kutchalitchi ndinkapita, koma pemphero langa linali lakukamwa chabe.

Tsiku lina kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Tcheyamani ali mkati molankhula, ine ndinagona pabenchi lakutsogolo, mkonono n'kumveka. Achinyamata a chipani anandikoka kolala, nati ndanyoza boma. Anandipereka kupolisi. Sindinaope, sindinachitenso manyazi. M'kati mwanga munangoti zii. Ndinangonena kuti, "Ambuye, onani nokha," n'kugona pasimenti m'chitokosi.

M'chitokosimo munali msodzi wachisilamu, Che Amidu, amene anamugwira alibe khadi la chipani. M'mamawa atadzuka kuti aswali, anandigwedeza.

"Aphunzitsi, inu mumasiya kupuma m'tulo. Mumangoti chete ngati maliro, kenaka n'kubanika. Achimwene anga ankatero, tinawaika."

Ine ndinangotembenuka n'kugonanso. Koma bamboyo, yemwe anali ndi mlandu wakewake, anamenya chitseko mpaka wapolisi anabwera. "Wallahi, ndikulumbira, munthuyu afera muno," anatero. Masana omwewo ananditengera kuchipatala.

Dokotala atandiyeza anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mtima watupa. Nditamuuza mawu a Che Amidu, anafotokoza kuti mpweya ukamaduka m'tulo, mtima umagwira ntchito mokakamizika mpaka kufooka. Anauzanso apolisi kuti kugona kwanga kunali matenda, osati mwano, ndipo mlandu unathera pomwepo. Anandipatsa mapiritsi, nandilangiza kuchepetsa thupi ndi kugona chammbali. Zinatenga miyezi, koma mapazi anaphwa, ndinabwerera m'kalasi.

Che Amidu ndinakawafunafuna kudoko. Anzawo anati anatuluka, ndipo anapita kukapha nsomba kuchilumba cha Mbenji. Sitinaonanenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero louma lija, nayankha kudzera mwa munthu amene sindinkamudziwa. Inu amene mwatopa mpaka simukumvanso kalikonse, musaleke kupemphera. Ndipo wina kunyumba kwanu akamaduka mpweya m'tulo, musamuseke. Pitani naye kuchipatala akadali moyo.