Mbiri ya Mayi Tionenji Kayange, Mwini Mapanelo Anayi

Malemu amene tagona nawo pano, Mayi Tionenji Kayange, a Nangondo, anabadwa pa 14 Malichi 1953 kwa Bilira m'boma la Ntcheu, m'banja la Bambo Cuthbert Kamtambe ndi Mayi Elube. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri. Tsiku limeneli talitenga pa khadi la ubatizo. Chiphaso chawo cha unzika chikunena 1955, ndipo alongo awo, a Jeremy Kamtambe, amene afika dzulo kuchokera ku Ntcheu, akuti mwina ndi 1954. Eni ake tikawafunsa ankangoseka. Tasankha za mpingo.

Abusa, mafumu, akuluampingo, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Lucius Kayange, mng'ono wa a Esau Kayange, amuna a malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya alamu anga. Ndiwerenga m'Chichewa ngakhale lilime langa limapunthwa nacho, kuti abale a ku Ntcheu amve zonse. Mundikhululukire kuti malo angapo ndinena kuti sitikudziwa. Takhala pansi masiku awiri kufunsana, ndipo zina zatikanika.

Malemu anayamba sukulu mu 1961. Mu 1969 anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mu 1972 analowa kosula aphunzitsi. Atamaliza anaphunzitsa zaka ziwiri ku Balaka. Mu 1976 anatumizidwa ku Nthalire, kuno ku Chitipa. A ku Ntcheu amati malemu anasinthana malo ndi mnzawo amene anali atangokwatiwa kumene. Ife kuno tinkamva kuti anapempha okha. Chimene tikugwirizana ndi chakuti anayenda masiku anayi, tsiku lomaliza pamwamba pa lole ya chimanga, ndipo anatsika akudziwa liwu limodzi lokha la kuno, yewo, kutanthauza zikomo.

Ku Nthalire komweko anakumana ndi akulu anga a Esau, amene ankagwira ntchito ya zankhalango ku Mughese ndipo anapita kusukuluko kukagawa mbande za mitengo. Ukwati wawo unadalitsidwa pa 11 Ogasiti 1979. Malemu anaphunzitsa ku Misuku zaka khumi ndi ziwiri, kuno ku Kaseye zaka zisanu ndi zinayi, kenaka pa boma mpaka pamene anapuma ntchito mu 2013. Ambiri mwakhala pansipa munadutsa m'manja mwawo pa masamu a sitandade 7, ndipo mukudziwa kuti sankalola munthu kungolemba yankho osaonetsa njira. Anaphunzira Chitumbuka, Chisukwa ndi Chilambya. Chilambyacho ankachiyankhula mpaka amayi athu, apongozi awo, ankaiwala kuti mtengwa wawo ndi wakummwera.

Atapuma, iwo ndi amuna awo anamanga nyumba pa boma ndi kukokera magetsi. Mu 2016 a Esau anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo anayamba kudzibaya jakisoni tsiku lililonse. Mankhwala a jakisoniyo amafuna kukhala pozizira, choncho anagula filiji. Apa ndi pamene mavuto a magetsi anayambira. Mayunitsi ankatha mwezi usanafike pakati, penshoni ili yomweyo. Akagula mayunitsi, magetsi ankathima masiku awiri, ndipo kawiri konse mankhwala anaonongeka. Malemu anasanduka mlonda wa m'nyumba mwawo momwe. Ankazungulira zipinda kuzimitsa mababu, ndipo adzukulu akabwera kutchuthi ankadziwa kuti wayilesi ya kanema imayatsidwa pa nkhani zokha.

Mu Juni 2018 malemu anachita chinthu chimene chinatigawa pabanja. Anagulitsa ng'ombe zitatu za m'khola la kuno kumudzi, zimene tinkati zidzathandiza pa malowolo a mwana wawo Aaron. Anakwera basi kupita ku Tunduma, kutsidya kwa malire a dziko lathu, nabwerako ndi mapanelo anayi a sola, mabatire awiri aakulu, ndi inveta, kabokosi kamene kamasandutsa moto wa m'mabatire kuti uyatse zinthu za m'nyumba. Anabweranso ndi mmisiri, amene kuno timati fundi. Akulu anga amati anauzidwa ndipo anavomera. Tsiku lina amati anauzidwa ng'ombe zitapita kale. Lero ndawafunsanso, ndipo ati sakukumbuka.

Ine ndinali mmodzi wa amene anakwiya. Tinaitanitsa msonkhano wa banja, ndipo ndinayankhula mawu olemera, akuti mkazi wobwera wamwaza chuma cha a Kayange pogula magalasi. Malemu anatimvetsera mpaka tinatha. Kenaka anatiuza kuti ng'ombe zimabala, koma mkulu wathu ndi mmodzi, ndipo ngati pali wina mwa ife wodziwa kusunga jakisoni m'khola, awaonetse. Aaron anakwatira chaka chotsatira, ndipo ng'ombe zina za malowolo zinapezeka.

Fundi uja anakhala masiku atatu pa ntchito ya tsiku limodzi, chifukwa malemu sankamulola kulumikiza waya asanafotokoze kumene ikuchokera ndi kumene ikupita. Waya iliyonse anaimata kapepala kolemba dzina lake. Mabatire anawaika m'kachipinda kosungiramo katundu, pa thabwa, pafupi ndi zenera. Anakonzanso moyo wonse wa pakhomo kuti utsate dzuwa. Kusita kunali masana, dzuwa lili pamutu. Mafoni ankatchajidwa isanakwane 3 koloko. Dzuwa likapendeka, cholemera chilichonse chinkazimitsidwa, kuti moto wa m'mabatire ukhale wa filiji ndi mababu mpaka kucha. Mmawa uliwonse ankatsamiritsa makwerero kukhoma, nakwera ndi nsalu yonyowa kukapukuta fumbi pa mapanelo, chifukwa ankati fumbi la Chitipa limaba moto. Mayunitsi amene kale ankatha sabata ziwiri anayamba kufika miyezi itatu. Mankhwala a akulu anga sanaonongekenso zaka zisanu.

Amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mumpingo, ndi aphunzitsi anzawo opuma ankabwera kudzaona. Malemu ankawakhazika pakhonde ngati kalasi, nawalangiza kuti asagule batire ya galimoto poganiza kuti ndi imodzimodzi, ndiponso kuti batire isamatheretu moto chifukwa imafa msanga. Tawerenga nyumba khumi ndi imodzi zimene zinaika sola potsatira malangizo awo. Yanga ndi imodzi mwa izo.

Mu 2022 tinayamba kuona zachilendo. Malemu ankaika mchere kawiri mu ndiwo. Ankafunsa funso limodzi katatu. Kenaka ziyankhulo zinayamba kuwathawa, Chisukwa choyamba, kenaka Chilambya, pomaliza Chitumbuka, mpaka anatsala ndi Chichewa cha kwawo chokha. Munthu akawapatsa moni wakuti mwaghona, ankamuyang'ana ngati sanamvepo. Masiku ena ankalandira amuna awo mwaulemu ngati mlendo, nawafunsa ngati basi ya ku Balaka yadutsa. Madokotala pa boma ndi ku Mzuzu anati ndi matenda oiwala amene amagwira anthu ena akamakula, ndipo alibe mankhwala ochiza.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene banja landipempha kuti ndinene poyera. Tinamva kuti ena amati mpweya wa mabatire ndi umene unasokoneza mutu wa alamu anga, ndipo nyumba ziwiri zinachotsa sola chifukwa cha mphekesera imeneyi. Ena ankatchula zaufiti. Mwana woyamba wa malemu, Sarah, anafunsa madokotala awiri osiyana, ndipo onse anati mabatire sakukhudzana ndi matendawa. Chimene chinawayambitsa sitikuchidziwa, koma tikukupemphani kuti musazule mapanelo anu m'dzina la malemu.

Chimene chinatizunguza mutu kwambiri ndi chakuti munthu woiwala mayina a ana ake sanaiwale sola. Mmawa ankakwerabe kukapukuta. Masana ankayang'ana manambala a pa inveta, nanena molondola ngati mabatire adzaza. Koma madzulo maganizo ankabwerera ku zaka zakale zija, ndipo ankayamba kuzimitsa zinthu ponena kuti mayunitsi atha. Mu Novembala 2023, nthawi yotentha, anazula filiji masiku angapo otsatizana popanda wozindikira, chifukwa mmawa ankailumikizanso okha. Akulu anga anadzibaya mankhwala oonongeka, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Tinatsala pang'ono kuwataya.

Banja linakhalanso pansi. Tinagwirizana zokhoma kachipinda ka mabatire, kulowetsamo filiji, ndi kuchotsa makwerero pakhomo. Sarah anasiya ntchito yake ku Karonga kudzakhala ndi makolo ake, ndipo kiyi ankasunga ndi iye. Makwerero ndinawanyamula ndine pa njinga yamoto kubwera nawo kuno ku Kaseye. Tinkaona kuti tapulumutsa anthu awiri nthawi imodzi.

Kuyambira pamenepo, mmawa uliwonse malemu ankaima pa chitseko chokhomacho ndi nsalu yonyowa m'manja. Ankafunsa mwaulemu kuti mwini nyumba ino ndani, ndipo angawalole liti kugwira ntchito yawo. Masiku ena ankalira, ponena kuti awabera. Chakudya anayamba kuchikana, thupi linatha. Aaron ankati tiwabwezere kiyi. Sarah ankati tikatero tiika maliro a bambo. Tamanda, mwana wotsiriza, anapanga kapanelo ka pansi kuti azikapukuta pabwalo, koma malemu anangokayang'ana nati kameneko n'kosalumikiza. Ana onse atatu anali ndi mfundo zoona. Mpaka lero sitikudziwa ngati tinachita bwino.

Lachiwiri pa 5 Ogasiti chaka chino, a Esau anapita kuchipatala kukayezetsa shuga, ndipo Sarah anathamangira kumsika atasiya amayi ake akugona. Kunali mphepo, ndipo mapanelo anali atafiira ndi fumbi chifukwa ife tinkawapukuta mwa apo ndi apo. Malemu anadzuka, navala bwinobwino, napita kwa oyandikana nawo nyumba, Mayi Dorothy Nalungwe. Kumeneko anapereka moni m'Chilambya chosalala, chimene anali asanachiyankhule zaka ziwiri. Anafunsa za ana a Mayi Nalungwe mmodzimmodzi powatchula mayina. Kenaka anapempha makwerero, ponena kuti Aaron wabwera ndipo akufuna kukwera padenga. Mayi Nalungwe anakondwera poganiza kuti mnzawo wachira, ndipo anathandiza kunyamula makwererowo mpaka pampanda. Aaron anali ku Lilongwe.

Sarah pobwera anapeza amayi ake ali pansi kuseri kwa nyumba, ali maso, nsalu ili m'manja. Mapanelo onse anayi anali oyera. Anagwa potsika, ndipo fupa la m'chiuno linathyoka. Momwe munthu wofooka chotero anakwerera, ndi kumene Chilambya chija chinachokera tsiku limenelo, tafunsa madokotala ndi abusa omwe, ndipo palibe watiyankha zogwira mtima.

Anawatengera kuchipatala pa boma, ndipo pa 7 Ogasiti anatumizidwa ku Mzuzu. Ali konko anadwala chibayo. Masiku onsewo sankazindikira munthu, kupatula Lamlungu lomaliza pamene anagwira dzanja la a Esau, nawatchula dzina, nawafunsa ngati adzibaya kale. Anatisiya Lachiwiri pa 19 Ogasiti 2025, nthawi ya 10 koloko mmawa, ali ndi zaka 72 malinga ndi khadi la mpingo.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Esau Kayange. Mulungu anawapatsa ana anayi. Mwayi anatsogola mu 1994, ndipo atsala Sarah, Aaron ndi Tamanda. Asiyanso adzukulu asanu ndi anayi, mdzukulutuvi mmodzi, ndi alongo awo awiri, a Jeremy ndi a Blessings Kamtambe.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Chitipa ndi ku Mzuzu, abusa ndi mpingo, amayi a Umanyano amene sanatope kukawayendera ngakhale pamene sankazindikiridwa, aphunzitsi opuma, adzukulu amene akonza manda, ndi a ku Ntcheu polola kuti mlongo wawo agone kuno. Tikuthokoza Sarah, amene wakhala akudziimba mlandu chifukwa cha ulendo wa kumsika uja. Mwana wanga, banja silikukuimba mlandu uliwonse.

Mawu otsiriza ndi a akulu anga, amene sangathe kuima. Mayi Nalungwe anabwera kuchokera pa boma dzana, ndipo chibwerere akhala pansi pa mtengo wa mango uko, osalowa m'siwa, osadya. A Esau akuti akanakhala iwo, akazi awo n'kuwapempha makwerero m'Chilambya chimene chija, akanawapatsanso. Akupempha amayi awiri a Umanyano apite akawatenge Mayi Nalungwe, adzakhale pafupi ndi mnzawo tisananyamuke. Tidikira.

Yewo chomene nonse. Mzimu wa alamu anga, a Nangondo, uwuse mumtendere.