Ndinavina M'munda wa Eni

Abusa, landirani moni m'dzina la Ambuye. Akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo nonse, mtendere ukhale nanu. Aleluya! Aa, mwayankha ngati simunadye. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni, mundipirire. Ena muno dzina langa simulidziwa, mumangoti "mayi wogwa uja." Ee, sekani, ndine yemweyo. Koma lero mumve zimene zinali kuseri kwa kugwako.

Chimwalirireni bambo a kunyumba, ndimalima ndekha mbatatesi kuno ku Ntengo-Wambalame. Chaka chino munda wanga unagwidwa matenda ofota aja. Alimi mukuwadziwa. M'mawa masamba ali bwinobwino, dzuwa likakwera agona. Mbatatesi yake kunja imaoneka yosalala, koma ukaidula mkati muli mkombero wakuda. Ndipo ukaibzala, matendawo amakhalira m'nthaka zaka ndi zaka. Ndinkadziwa, abale. Musati mwina sankadziwa. Ndinkadziwa.

Ndiye kunabwera mng'ono wanga amene amagulitsa makapulana, zitenje zija, ku Tete. Iyeyu malonda ake onse ndi a pa telefoni. Ine amanditcha Mana, kutanthauza achemwali. Akuti, "Mana, inu mukadali kudikira ogula pamsewu? Masiku ano umangopanga kavidiyo koseketsa, n'kuikamo numeru yako. Wina akaseka amatumizira mnzake, mnzakeyo n'kuponya mu grupo, pronto, zatheka. Anthu eni ake amakunyamulira malonda, iwe uli khale."

Ine ndinati, "Nanga tijambula chiyani, munda uli chigonere chonchi?"

Iye anangoloza ndi mlomo kutsidya kwa malire. Kumeneko ndi kumunda kwa alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga. Munda wobiriwira, maluwa ali mbuu. Eni ake tsiku limenelo anali ku maliro ku Tsangano.

Abale, tisanamizane muno m'nyumba ya Mulungu. Ndani sanaikepo zikuluzikulu pamwamba pa thumba, tating'ono pansi? Musayang'ane pansi, bambo, ndakuonani. Ine ndinadziuza kuti ndi zomwezo basi. Ndinadumpha malire, khasu paphewa, n'kuyamba kuvina pakati pa mizere ndikuimba kuti, "Mbewu yanga iyi, lembetsani isanathe!" Ndikuvina chobwerera m'mbuyo, phazi linakodwa, ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba. Mng'ono wanga sanasiye kujambula. Akuti, "Mana, kugwaku ndiye chuma."

Sananame. Pofika Lamulungu vidiyo ija inali paliponse. Pachigayo akundiloza. Pamsika ana akugwa dala ndikamadutsa. Telefoni kulira, kulira, kulira. Poyamba ndinakondwa, ndisabise. Ndinkayenda ngati munthu wotchuka.

Nditakumba mbatatesi zanga ndinazisankha bwino, n'kuzisoka m'matumba. Apo m'pamene anaimba mayi wina wa ku Chidzolomondo, ku Macanga uko. Mawu ake ndikuwamvabe. Anati, "Amayi, ife ndi gulu la azimayi. Fodya watitopetsa, misana yatha. Taona munda wanu, tagwirizana kuti tiyambe mbatatesi. Malo takonza kale. Tikubwera Lachisanu ndi kamiyawo, galimoto ya katundu. Tikudalira inu."

Tikudalira inu! Pakamwa panga panangoti, "Bwerani." Nditadula foniyo ndinakhala pansi pakhonde, thukuta kamukamu, kunja kukuzizira chonchi.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Chakudya sichinkatsika. Ndikayang'ana matumba aja, ndinkaona minda ya azimayi osawadziwa ikufota umodziumodzi. Anthu amene sanandilakwirepo kanthu! Akanabzala mbewu yanga, nthaka yawo ikanaonongeka, ndipo akanati ndani watipha? Mayi wovina uja.

China chinkandiopsa ndi alamu. Ndinkadziwa kuti vidiyo aiona, chifukwa mtengo wapichesi wa m'munda mwawo ukuonekera bwinobwino kumbuyo kwanga. Koma iwo ziii. Tikakumana, "Mwadzuka bwanji, alamu?" basi n'kudutsa. Bola akanandikalipira. Kukhala chete kwawoko kunkandidya.

Lachitatu m'mawa ndinagwada pakati pa munda wanga wodwala uja. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinati, "Ambuye, wonongani kamiyawoyo panjira." Ee, ndinapemphera choncho! Koma mumtima munangobwera mawu amodzi: kanene zoona. Ndinati, "Ambuye, china chilipo?" Kanene zoona.

Ndinadzijambula ndekha vidiyo ina, misozi ili chuchuchu, ndikuti munda uja si wanga, mbewu yanga ndi yodwala, musagule. Ndinamutumizira mng'ono wanga kuti aiponye monse munapita yoyamba ija. Abale, siinayende. Anaiona anthu owerengeka, n'kungoisiya pomwepo. Iye akuti, "Mana, munthu akulira ndani angatumizire mnzake? Anthu amafuna kuseka." Yogwa ija ikuthamangabe, yoona ili chikhalire.

Ndinayesa kuimbira mayi wa ku Chidzolomondo uja. Kumeneko mukudziwa, telefoni imagwira ukakwera pachulu. Lachitatu osapezeka. Lachinayi osapezeka. Ndinaimba mpaka chala kuwawa.

Lachisanu dzuwa lili apa, ndinamva kulira kwa kamiyawo. Meu Deus, Mulungu wanga! Ndinaganiza zothawira kudimba. Ndinaganizanso kuti ndingowapatsa, adzadziwa patapita miyezi, ine ndidzasintha numeru. Satana amalankhula mofatsa, abale, ngati munthu wokufunira zabwino.

Anatsika azimayi, fumbi lili mbuu m'mutu, atayenda ulendo wonse uja, koma akuseka. Wina anayamba kuimba nyimbo yanga ija, n'kumayerekeza kugwa. Anandikumbatira ngati m'bale wawo.

Sindikudziwa mphamvu zinachokera kuti. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mpeni, ndinamasula thumba limodzi. Ndinatola mbatatesi yokongola kuposa zonse, n'kuidula pakati pamaso pawo. Mkombero uja uli apo. Ndinadula ina. Chimodzimodzi. Ndinati, "Amayi anzanga, ndinakunamizani. Munda munauona uja si wanga. Mbewu yanga ndi iyi. Mukaibzala, mwapha minda yanu."

Kuseka konse kunatha. Mtsogoleri wawo, yemwe anandiimbira uja, anati, "Mayi, mwatiyendetsa ulendo wonsewu kuti tidzaone zimenezi? Tikawauza chiyani anzathu atsala kumudzi?" Ndinangogwada pa fumbi, mpeni uli m'manja.

Ndiye ndinamva kutsokomola kumbuyo. Alamu. Anali ataima pamalire paja, kaya kuyambira nthawi yanji. Ndinati basi, lero ndatha kawiri.

Iwo anayandikira pang'onopang'ono. Anati, "Alamu, dzukani. Ine ndinakonzeka kale. Ndinati thumba limodzi lokha likakwera kamiyawoyi, ndiima pamsewu ndiwauze ndekha alendowa, ubale uthere pomwepo. Koma mwadula nokha." Kenako anatembenukira azimayi aja. "Munda munauona ndi wanga. Mbewu yake ili m'nkhokwe. Tiyeni mukadule iliyonse imene mungafune, mukakhutira mutenge."

Anakadula, abale. Yoyera mbee! Anadulanso. Yoyera! Kamiyawo inabwerera ku Macanga yodzaza mbewu yabwino. Mtsogoleri uja sanandikumbatire potsanzika, ndisakunamizeni. Anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mukanakhala chete, tikanakutembererani ndi ana athu omwe."

Ine sindinapindulepo kanthu. Munda wanga alangizi anena kuti upume, ndizibzalamo chimanga kaye. Ndipo vidiyo ija siinafe. Siingafe, ili m'matelefoni a anthu osawadziwa. M'mawa uno ndikumanga mpango kuti ndibwere kuno, wina waimba: "Ndinu mayi wogwa uja? Mbewu ilipo?" Ndayambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi. Tsiku lililonse ndimaulula tchimo lomwelo kwa munthu watsopano, ndipo telefoni ikalira mtima umagundabe.

Ndiye ndikupempheni. Amene muli nayo vidiyoyo, ndipo ndikudziwa muli nayo, ngakhale amayi abusa anaseka, mufufute. Amene munamutumizira, mukamuuze ndi pakamwa panu zimene mwamva lero. Munandinyamulira bodza mwaulere, ndinyamulireninso zoonazi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa loononga kamiyawo. Ndikuthokoza alamu anga, akhala kumbuyo uko, akuyang'ana kumbali ngati sakumva. Dzulo mayi wa ku Chidzolomondo uja anakwera pachulu n'kundiimbira. Ndinati kaya kwagwanji. Anangoti, "Mayi, zamera. Palibe yagona."

Palibe yagona, abale! Imirirani mukondwere nane. Amayi, nthungululuzo zili kuti? Ine ndivina pano, pabwalo la Atate wanga, ndipo ndikagwa mundidzutse, musajambule. Aleluya! Ameni.