Ana Atatu pa Khadi Limodzi

Abusa, amayi busa, akulu ampingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mwa inu simunamvepo mawu anga. Ndine uja ndimakhala pabenchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, wa kamtsikana kokonda kuvula nsapato nthawi ya ulaliki. Dzina lake ndi Tadala. Lero ndaima kutsogolo kuno chifukwa ndili ndi umboni, ndipo ukundilemera kuusunga ndekha.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo ku Ntcheu. Agogo sankadziwa kuwerenga. Tikapita kuchipatala kapena ku ofesi iliyonse ankandiuza kuti, "Iwe khala chete, koma uzipenya zonse, ukandiuze kunyumba." Ndinakula choncho, abale. Pakamwa potseka, maso otsegula. Ngakhale kuno ku Joni, kunyumba kumene ndimachapa ndi kusita, madamu amati nthawi zina amaiwala kuti ndilimo.

Tadala ndinabwera naye kuno ali ndi miyezi itatu. Buku lake lakusikelo linapita ndi chikwama chimene chinasowa m'basi. Tsiku loyamba kupita naye kukiliniki, mlonda wapageti anandifunsa mapepala. Pemiti yanga inali itatha. Ndinabwerera pomwepo mwana ali kumsana, osafunsa n'komwe kuti mapepala akufunikawo ndi anga kapena a mwana.

M'nyumba imene timachita lendi ku Bertrams muli mabanja asanu. Mmodzi mwa ife ndi sisi Nomsa, obadwira ku Soweto. Bambo awo anali a ku Dedza, anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'migodi. Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chizulu, koma mtima ndi wakwathu. Ali ndi mwana wamkazi, Lindiwe, wamsinkhu wa Tadala. Atandiona ndikulira anati, "Tenga khadi la Lindi. Makanda onse amafanana, nesi sangadziwe. Ukafika uzingoti ndiwe anti wake."

Sindinali ndekha. Mayi wina wa m'chipinda chakumbuyo ankabwerekanso khadi lomwelo. Ana atatu, khadi limodzi. Amayi ena ndikukuonani mukuyang'ana pansi. Sinditchula munthu, koma tikudziwana.

Zinkayenda mwana akadwala chifuwa kapena m'mimba. Koma tsiku lina ndinapita naye kuti akabayitse katemera wa chikuku. Nesi anatsegula khadi n'kunena kuti, "Uyu anabayitsa kale, onani sitampa iyi." Ankanena zoona. Lindiwe anali atabayitsa. Tadala anali asanabayitse. Ndikanati chiyani? Ndinathokoza, n'kumubereka, n'kutuluka.

Patapita miyezi ingapo chikuku chinalowa mumsewu wathu. Mwana wa m'nyumba yoyang'anana nafe anagonekedwa m'chipatala. Ine m'mawa uliwonse ndinkamuvula Tadala n'kumamuyang'ana kukhosi ndi kuseri kwa makutu, kufufuza totupa. Ndinapemphera, abale, ndinapemphera. Koma pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, chimudutse. Ambuye, chimudutse.

Lamulungu lina amayi busa analengeza pano kuti Lachitatu kubwera anthu a boma la chigawo muholo ija ili pafupi ndi pokwerera matekisi, kudzamva maganizo a anthu pa nkhani za ana: zipatala, chakudya cha kusukulu zamkaka, ndi chithandizo cha mabanja ovutika. Anati pali gulu la amayi ndi maloya limene limakumbutsa boma kuti likonze malamulo okhudza ana, ndipo ndi iwo anaitanitsa msonkhanowo. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, sindinapite kukalankhula. Ndinapita chifukwa chofuna kuona. Ine boma ndinkalidziwa ngati mlonda wapageti ndi galimoto ya apolisi. Tsono boma lomvetsera limaoneka bwanji? Limakhala pampando wotani? Limalemba zimene lamva, kapena limangogwedeza mutu? Ndinapempha madamu kuti ndiweruke masana, sisi Nomsa n'kundiperekeza. Khadi lija linali m'chikwama changa, poti ndinali ndisanalibweze.

Tinakhala kumbuyo, monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinapenya. Ndinaona kuti boma ndi anthu anayi patebulo, aliyense ndi botolo lake la madzi. Ndinaona kuti bambo a tayi amene anakhala pakati amalemba pokhapokha munthu akatchula nambala, pamene anesi achikulire amene anakhala kumapeto amalemba munthu akatchula mwana. Ndinaonanso kuti amayi a gulu lija sakalipa. Amabwera ndi pempho limodzi, n'kufunsa kuti yankho libwera liti, ndipo sakhala pansi mpaka atauzidwa tsiku. Ndinati mumtima, kani malamulo amapangidwa chonchi, ndi anthu otsokomola ngati ife tomwe.

Kenako bambo a tayi aja anaimirira n'kunena kuti pa katemera dera lathu lili bwino, chifukwa makhadi amene amafika kukiliniki ali ndi masitampa okwanira. Sisi Nomsa anandimasulira. Pamenepo funso linabwera mumtima mwanga, ndipo linakana kuchoka. Ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba.

Sisi Nomsa anandikoka malaya. "Hhayi wena, ukufuna atimange tonse? Khadilo ndi la mwana wanga."

Ndinati, "Sisi, dzina lanu sinditchula. Ndikungofuna kudziwa."

Anapumira m'mwamba n'kuimirira nane. "Chingelezi chako n'cha kukhitchini," anatero. "Lankhula Chichewa, ine ndimasulira."

Anandipatsa maikolofoni. Ndinati, "Pepani akuluakulu, ine ndingofunsa. Mukamati ana abayitsa, mumawerenga ana kapena mumawerenga makhadi?"

Bambo aja anayankha kuti khadi lililonse ndi mwana mmodzi. Ndinatulutsa khadi, n'kuphimba dzina ndi chala, n'kupita nalo kwa anesi achikulire aja. Ndinawatsegulira tsamba limene amajambulapo kulemera ndi kutalika kwa mwana. Amayi mukudziwa, mzere uja umayenera kukwera pang'onopang'ono. Wathuwu unkakwera, n'kugwa, n'kukweranso, ngati mizere ya m'munda. Anesi anavala magalasi. Anayang'ana, n'kuyang'ananso, n'kunena kuti, "Mwana uyu mwezi uno wanenepa, mwezi winawu waonda, apa wafupika. Mwana amafupika?"

Anthu anaseka. Anesiwo sanaseke. Anandifunsa motsitsa mawu, "Ndi angati?"

Ndinati, "Atatu."

"Abayitsa angati?"

Ndinati, "Mmodzi."

Abale, ine apa ndinkangodikira apolisi. M'malo mwake anaimirira mayi wina wa gulu lija, loya, n'kunena kuti lamulo la dziko lino lilipo kale: mwana wamng'ono ayenera kuthandizidwa kukiliniki ya boma, kaya mayi ake ali ndi mapepala kaya alibe. Ndinawapempha sisi Nomsa kuti andibwerezere. Lilipo kale. Nthawi yonseyi ndinkamubisa mwana wanga, kuthawa lamulo limene linali kumbali yake. Loya uja anatembenukira kutebulo n'kunena kuti pempho lawo ndi ili: lamulolo lilembedwe pakhoma ndi pageti la kiliniki iliyonse, ndipo alonda auzidwe. Ine ndinayang'ana dzanja la bambo a tayi. Panalibe nambala imene inatchulidwa, koma analemba.

Sindikunamizani kuti zonse zakonzeka. Sindikudziwa kuti pepala limene bambo aja analembapo lija lafika pa tebulo la yani. Amayi a gulu lija akuti tidzapitanso kukafunsa, ndipo andilemba dzina, ine amene sindilankhula. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga kumene pepala limapita likachoka muholo. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Tisanatuluke, anesi aja anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mawa seveni koloko mundipeza pageti. Mubwere nawo onse awiri osabayitsawo." Tinapita, ine ndi mayi wa m'chipinda chakumbuyo uja. Tadala analira kwambiri ndi jakisoni, ine ndikuseka misozi ili mbwembwembwe. Chikuku chinatha mumsewu wathu osamukhudza. Nditawabwezera khadi lawo, sisi Nomsa anati, "Yebo, Lindi wanga tsopano asiye kufupika."

Nali khadi, abale. Muli kumbuyo mwina simukuona, koma pamwambapa palembedwa kuti Tadala. Mzere wake uli ndi timadontho tiwiri tokha, koma ndi take. Ine ndinkapempha Mulungu kuti matenda amudutse, Iye anayamba n'kutsegula pakamwa panga. Amayi amene muli ndi khadi lobwereka m'chikwama, mundipeza pabenchi yakumbuyo tikaweruka. Sindidzauza munthu, mukudziwa kale kuti sindilankhula. Tidzangopitira limodzi pageti paja.

Zikomo abusa pondipatsa mpata. Mawu anga ndi ochepa, sangakwanire kuthokoza ndekha, ndiye ndithandizeni. Amayi, nthungululu imveke. Abambo, manjawo awombereni Ambuye pamodzi ndi ine ndi Tadala.