Bisani Machesiwo, Mayi

Pamsika wa Mkanda, bambo wina anaimika njinga yomangirira mtolo waukulu wa mapesi kuti apumeko. Mayi wogulitsa tomato pafupi anayamba kuseka.

"Bambo, anzanu amanyamula fodya, inu mapesi?"

"Ndi chakudya cha ng'ombe zanga, mayi. Mvula inadula msanga, msipu n'kuuma. Udzu womwe unatsala kudambo, osaka mbewa anautentha Lachiwiri."

"Mbewazo anakugawiraniko?"

"Ngakhale mchira!"

"Nanga ngolo mulibe?"

"Ilipo, koma zokoka zake nthiti zili pamtunda. Chaka chino ine ndi amene ndikuzigwirira ntchito. Sabata ina ikatha chonchi, zigona pansi osadzukanso."

"Ine kumunda kwanga mapesi ali mbwee. Mawa ndiwatentha, ndikufuna kuyamba kusosa."

"Mayi, bisani machesiwo! Ndifika m'mamawa ndi ngolo. Zikanenepa, manyowa onse a m'khola ndi anu."

"Ngoloyo aikoka ndani, poti mwati ng'ombe zafooka?"

"Popita ndikoka ndine, izo zizibwera pambuyo ngati mabwana. Zikakhuta kwanuko, pobwerera ndikwera."