Khoma Linagwera Anthu Atatu

— Halo?

— Halo, aphunzitsi?

— Eee, ndine. Ndani mnzanga? Nambalayi sindikuidziwa.

— Ndine mwana wa amisiri, wamkulu uja, amene ndili ku tawuni.

— Amisiri ake ati?

— Omanga nyumba, aphunzitsi. Malemu. Munkanditchula Kamasamu ndili sitandade seveni.

— Oo, Kamasamu. Pepa mwana wanga, mawu akula, sindinakuzindikire. Uli bwanji?

— Ndili bwino, kaya inu?

— Tilipo, tilipo.

— Amayi kunyumba kwanuko ali bwanji? Mwendo uja unapola?

— Akutsimphinabe, koma akuyenda. Ntchito ikuyenda? Ndinamva kuti ukuthira mafuta m'magalimoto.

— Eee, ndili pompo panopa. Ndapempha mnzanga andigwirire pampu, ndabisala kuseri kwa ofesi. Mvula kumeneko?

— Yaleka sabata yatha. Halo? Ukundimva? Dikira ndisunthire pawindo, muofesi muno netiweki imangopezeka pafupi ndi kabati. Eya, lankhula.

— Ndamva kuti Loweruka anthu asonkhana pasukulupo kukumbukira amene khoma la kalasi yatsopano ija linawagwera.

— Ndi zoona. Patha miyezi itatu tsopano, makolo anati tisangokhala ngati sipanachitike kanthu.

— Ndipo akuti wolemba mbiri zawo ndinu.

— Anandipatsa ine, poti ndine mlembi wa komiti ya sukulu, yomwe inkayang'anira zomangazo. Ndi zomwe ndikutayipa panopa.

— Mungandiwerengereko?

— Pafoni? Mayunitsi ako satha?

— Ndagula okwanira. Werengani.

— Chabwino. Ndayamba ndi alonda, alamu anga aja. Ndalemba kuti analondera sukulu ino zaka naintini, ndipo ngakhale choko chimodzi sichinasowepo. Belu la m'mawa ankaliza okha. Ana ochokera kutsidya kwa mtsinje, madzi akasefukira, ankawaolotsa mmodzimmodzi paphewa, kenaka n'kudzakhala pageti thalauza ili chinyowere mpaka masana.

— Inenso anandiolotsapo.

— Waona? Aliyense akunena zomwezo. Kenaka mayi atelala. Ndalemba kuti tsikulo silinali lawo lotunga madzi a omanga, anangolowa m'malo mwa mnzawo amene mwana wake anadwala. Yunifolomu ankasoka yosiya mpindiro waukulu, kuti mwana akatalika angomasula ulusi. Imodzi inkatha zaka zitatu. Amuna awo andiuza kuti pamakina padakali kadiresi kosamaliza, palibe amene walimba mtima kukachotsa.

— Mwalemba bwino, aphunzitsi.

— Ndayesetsa.

— Pitirizani.

— Ndi zomwezo.

— Zomwezo bwanji? Khoma lija linagwera anthu atatu.

— Kamasamu...

— Ndinkakhoza masamu, munanena nokha. Awiri ndamva. Wachitatu ali kuti?

— Tamvera mwana wanga. Nkhaniyi tinaikambirana kukomiti. Anthu mitima idakali yowawa. Ena anati dzina la bambo ako likangotchulidwa, iwo adzanyamuka n'kumapita. Ife tinaona kuti kuli bwino tipewe phokoso.

— Inuyo munati chiyani?

— Ine ndimangolemba zomwe anthu agwirizana.

— Sindinafunse zomwe munalemba. Munati chiyani?

— Sindinalankhule.

— Mukudziwa mmene amayi anga akukhalira? Akafika pamjigo, azimayi amangoti zii, ndowa n'kusunthira uko. Kuchigayo anawauza m'maso kuti amuna anu anatiphera anthu ndi ntchito yawo yachinyengo. Sabata yatha wina anaponya njerwa padenga. Njerwa, aphunzitsi, kuti amve bwino tanthauzo lake.

— Zimenezo ndinamva, ndipo ndinadzudzula.

— Munadzudzulira kuti? Amayi sanamve.

— Usandilankhule ngati ndife a msinkhu umodzi.

— Pepani. Dikirani kaye... Ndikubwera! Uwauze apite kupampu yachiwiri! Halo, mudakalipo?

— Ndilipo. Koma ngati uli pantchito, bwanji tikambe tsiku lina?

— Ayi, lero lomwe. Loweruka ndi mkuja. Aphunzitsi, zovala za abambo zitabwera kuchokera kuchipatala, m'thumba la ovolosi munali foni yawo. Sikirini inali itaphwanyika, amayi anangoikulunga m'kansalu n'kuika m'sutikesi. Nditapita kumudziko mwezi watha ndinaitenga. Dzulo wokonza mafoni waiyatsa.

— Oho.

— Mameseji onse alimo.

— Halo? Mawu akudukaduka.

— Sakuduka, ine ndikukumvani bwinobwino, mpaka mpando mwakokawo ndaumva. Ndikuwerengereni?

— Palibe chifukwa.

— Inu mwandiwerengera zanu. Lachinayi, sikisi koloko m'mawa, abambo analemba kuti: "Aphunzitsi, madzi alowa m'maziko mbali ya kumunsi. Khoma lalitali lija lapendekeka, ndayeza ndi chingwe. Tisapitirize, tiligwetse tiyambirenso." Inu munayankha patapita mphindi khumi. Mukukumbukira?

— Kamasamu, zinthu sizinali mmene ukuganiziramo.

— Munati: "Alendo akubwera Lolemba kudzaona kalasiyo. Malizani, tidzakonza akapita." Iwo analembanso kuti akuopa. Inu munati ngati ntchito yawakanika anene, amisiri ndi ambiri. Lachisanu masana khoma linagwa.

— Wawaonetsa ndani?

— Ndi funso lanu loyamba limenelo?

— Ndikufunsa kuti wawaonetsa ndani.

— Palibe. Ngakhale amayi sakudziwa. Ndinafuna ndimve kaye kwa inu.

— Iwe sukudziwa mmene zinalili. Zaka zinayi ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Alendo aja, a bungwe lotithandiza, anatiuza kuti akapeza makoma asanafike pamwamba, malata apita kusukulu ina. Ine ndinaona ngati masiku atatu okha khoma lingapirire. Ndinkaganiza za ana.

— Abambonso ankaganiza za ana. N'chifukwa chake anati ligwetsedwe.

— Nanga iwo anakwereranji pakhomapo? Mmisiri ndi iwo, akanatha kukana.

— Funso limenelo landisowetsa tulo, musaganize kuti sindinadzifunse. Mwina anaopa kuchotsedwa pamaso pa anthu amene anawamangira nyumba zawo. Mbali yawo anailipira, ali m'manda. Koma asenze okha zonse, inu mutaimirira kutsogolo ndi pepala m'manja?

— Ukudziwa kuti mkazi wa alonda ndi mlongo wanga. Bere limodzi. Chimwalirireni amuna ake akudya kwathu, ana ake akugona pabalaza panga. Tsiku lililonse amandiuza kuti achimwene, pakanapanda inu ndikanatani. Ndimuyang'ane bwanji?

— Amayi anga alibe mchimwene woti awauze zimenezo.

— Ndiye ukufuna chiyani? Undipititse kupolisi? Ntchito indithere, zaka ziwiri zokha zitatsala kuti ndipume?

— Ndikanafuna zimenezo sindikanakuimbirani. Ndinu amene munapita kwa abambo kukawauza kuti mwanayu asasiye sukulu. Sindinaiwale. N'chifukwa chake kuyambira dzulo maganizo sali pantchito, mpaka ndathira dizilo pansi.

— Nanga?

— Loweruka ndikwera basi yoyamba. Ndidzakhala pambali pa amayi, kutsogolo, osati kumbuyo. Ndikufuna ndidzamve mayina atatu.

— Ndipo ndikapanda kutchula, udzaimirira ndi foniyo.

— Sindikudziwa. Kunena zoona sindikudziwa chomwe ndidzachite. Musandifikitse poti ndidziwe.

— Dzina lokha ndikhoza kuliika. Ndikhoza kuwauza a komiti kuti imfa ndi imfa.

— Dzina lokha anthu adzanyamuka, monga mwanenera. Adzakhala pansi pokhapokha atamva chifukwa chake.

— Ukundipempha kuti ndidzikolezere moto ndekha.

— Moto ulipo kale, aphunzitsi. Ukungoyaka kunyumba yolakwika.

— Taima kaye.

— Halo? Aphunzitsi? Mwadula?

— Sindinadule. Ndimafuna cholembera, kompyutayi yazima. Anabadwa chaka chanji bambo ako?

— Sikisite thuu. Mwezi sankaudziwa, ankangoti nthawi yokolola.

— Umisiri anaphunzira kuti?

— Sanapite kusukulu yake. Anayamba ndi kuponda dothi la njerwa, kenaka kukandira ena matope, mpaka wina anawapatsa chingwe ndi levulo zoyezera khoma. Chipinda cha amayi oyembekezera kuchipatala chaching'ono chija anamanga ndi iwo. Nyumba ya mayi atelala omwewo anamanga ndi iwo, mpaka lero ilibe mng'alu. Mulembenso kuti akamaliza nyumba ankabwerera mvula yoyamba ikagwa, osaitanidwa, kukazungulira kuona ngati pena pakudontha.

— Pang'onopang'ono, dzanja langa si makina.

— Ankadana ndi ngodya yokhota. Kunyumba ngakhale bedi likapendekeka ankaika kapepala kunsi kwa mwendo. Amayi ankawaseka kuti tsiku lina adzayeza ndi ana omwe.

— Ofesi ndakhalamo inonso anamanga ndi iwo. Chaka chomwe ndinafika kuno.

— Sindinkadziwa.

— Eee. Anakana kuika windo pomwe ndinkafuna, anati dzuwa lamasana lizidzandiwotcha. Tinakangana tsiku lonse. Ananena zoona.

— Chimenecho mulembenso.

— Ndalemba. Nanga za tsiku lija, ndilembe kuti chiyani?

— Pamenepo sindikuuzani. Mawu ake muli nawo m'foni mwanu, ngati simunafufute.

— Sindinafufute. Ndayesapo kangapo, chala chimakana.

— Aphunzitsi, abwana atulukira, akundiyang'ana. Ndiyenera kubwerera kupampu. Ndiwauze chiyani amayi? Achape diresi la Loweruka kapena akhale kunyumba?

— Dikira, wina akugogoda. Ndani? Oo... lowani. Ndi mlongo wanga, wabweretsa chithunzi cha alamu choti tikaike patebulo.

— Ndidule?

— Uwauze mayi ako achape diresilo.

— Mukunena zoona?

— Ndati achape. Achemwali, ayi, musapite. Chithunzicho ikani apo, tsekani chitseko, mukhale pampandopo. Pali zoti ndikuuzeni anthu ena asanamve. Kamasamu, dula tsopano.

— Zikomo aphunzitsi. Tionana Loweruka.

— Uyende bwino. Dula.