Bulangete la Nyumba ya Langford

Langford, amene anazungulira Kitwe, Ndola mpaka Nakonde, anabwerera ku Nsefu n'kukhoma malata owala ngati kalilole panyumba yake. Okutobala atafika, nyumbayo inasanduka uvuni, ndipo mkazi wake Tecla anasamukira m'khitchini ya udzu, nati sabwerako mpaka muzizire. Langford anaitana mlamu wake Stanley, msodzi.

"Alamu, nyumbayi tiifunditsa bulangete. Amati insuleshoni."

Stanley anayang'ana dzuwa, kenako Langford. "Ikudwala malungo?"

"Ayi. Timayala pamwamba pa siling'i, kutentha kwa malata kusatsike. Ilipo ya ubweya wa galasi."

"Galasi limamera ubweya? Amameta ndani?"

"Zisiyeni zimenezo. Ilipo ina yonyezimira, imabweza kutentha komwe kwachokera."

"Kudzuwa? Likakana kulandira, si kugwera kwa aneba?"

Langford anapukuta thukuta ndi chipewa. Munthu woti anagonapo m'hotela za nsanjika sangagonje kwa msodzi. "Chabwino. Bokosi loyera lija mumasungiramo nsomba, limatani?"

"Limanunkha."

"Limasunga kuzizira. Ziliponso zoyala zotero."

"Ndiye alongo anga muwaike pa ayezi ngati nsomba ya pende? Kwathu akamva ndi mlandu."

"Palibe ayezi, alamu. Chinsinsi ndi mpweya. Zinthuzi zimakola mpweya m'timipata, ndipo mpweya wokhala phee suyendetsa kutentha msanga."

Stanley anaimirira, nkhope itawala. "Kukola ndiye ntchito yanga. Ndibwere ndi ukonde wa maso angati?"

"Khalani pansi."

"Mbedza?"

"Khalani pansi, ndati." Langford anakweza mawu kuti afike kukhitchini, kumene chitenje cha pakhomo chinagwedezeka pang'ono. "Mvetsani kamodzi. Insuleshoni yabwino lamulo lake ndi limodzi: zakunja zisalowe, zam'kati zisatuluke. Yotero kuno kudambo simunaione. Ine ndekha ndinaiona, ku Ndola."

Stanley anabwereza mawuwo chapansipansi, akuwerenga pa zala. Anatembenukira kukhitchini, nayang'anitsitsa udzu uja, nagwedeza mutu mwaulemu waukulu.

"Pepani alamu, ya ku Ndola ndi yachiwiri. Yamphamvu ndi iyo apo."

"Kakhitchini kameneko?"

"Eya. Chiyambire kutentha, alongo anga ali m'kati, sanatuluke. Inu muli kunja, simunalowe."