Nkhokwe Yanga Yapanja

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale umboni wanga lero ndi wowonda.

Mukundidziwa, sukulu ndinangoinunkhiza, koma pepala silindidutsa. Chaka chatha ndinagula usipa pa Nsaru, wokulunga m'nyuzipepala. Mayi akunyumba akudikira ndiwo, ine ndili kalikiliki kuwerenga chokulungira. Analemba kuti kuli mayiko kumene mlimi amasiya zokolola pamsewu osabedwa, chifukwa anthu ali pa ntchito, m'mimba muli kanthu. Koma kumene wina akudya n'kutaya, mnzake akugona ndi njala, ndende zimadzaza.

Ine ndi nzeru zanga za pa usipa ndinatsutsa. Ndinati kuba ndi mtima, si njala, ndipo kuno tonse ndife obatizidwa. Ndinamanga nkhokwe panja monga ankachitira atate, pomwe inu nonse chimanga mumagona nacho kuchipinda. Mayi anangoti, "Bambo, mukulimbana ndi pepala, eti? Likadzapambana tidzadya chiyani?"

Mwezi wa njala, Lamulungu, tili muno tikuimba, nkhokwe inabooledwa. Potuluka tinamva mfuwu kudambo. Anthu agwira munthu, thumba la chimanga changa lili poteropo, wina wabwera kale ndi petulo ndi machesi. Nditasuzumira, abale, nditasuzumira, anali Yohane, mwana wa mlongo wanga, bambo wa ana ake. Fodya wake sanagulidwe, ganyu ku Kasiya anasowa, ku Joni anam'bweza.

"Atsibweni," anatero m'kamwa muli magazi okhaokha, "ana akudya madeya."

Kumene mawu anachokera sindikudziwa. Ndinakuwa, "Musiyeni! Chimangacho ndinalimira mbumba yanga, uyunso ndi mbumba yanga. Wabera ndani?" Anam'siya akung'ung'udza.

Dzanja lake lamanja siligwiranso khasu. Ana ake akudya kwathu, ndipo chimanga chatsala pang'ono. Nkhokwe ndinaphwasula, tinasonkhera moto. Amene anam'menya ena muli muno, sindikukulozani, nanunso munaberedwapo. Koma taonani minda yathu, feteleza tagula ndani chaka chino? Njala ikubweranso, ndipo sindikudziwa kuti kudambo kuja kudzagona mwana wa yani. Pepala lija linapambana, ndipo silinanene kuti tithawire kuti.

Ndikuthokoza Mulungu kuti machesi aja sanayake. Ndi zokhazo zimene ndabwera nazo. Kondwerani nane, abale, Yohane akupuma. Amayi, yambitsani nyimbo, ine mawu andithera.